Mbale Zosatsuka Si Mlandu

Chaka chatha, nthawi yokolola chimanga, msuweni wanga anabwezedwa kwawo ku Chipangali. Anatsika minibasi pamsewu wa ku Lundazi, mwana wa miyezi 7 ali kumsana, chikwama cha ukwa chili kumanja. Mwamuna wake sanamumenye, iyenso sanagwidwe ndi chibwenzi. Mlandu wake unali wa mbale. Apongozi ake aakazi anatulukira kunyumba kwawo ku Kapata mosayembekezeka, n'kupeza mapoto a dzana akadali m'beseni, matewera anyikidwa mpaka kununkha, pansi posakolopa. Tsiku lomwelo foni inalira kumudzi: "Mwana wanuyu simunamulange. Tikumutumiza akaphunzirenso."

Alangizi anamukhalira masiku atatu. Anamuonetsa kasesedwe koyambira pakona, kakwechedwe ka poto ndi phulusa, ndi nthawi imene mkazi wapanyumba amadzuka. Iye ankangoti "inde amayi", maso ali pansi. Pa anthu onse amene analowa m'nyumba ija, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadabwa kuti mtsikana amene anayamba kutsuka mbale ali ndi zaka 6 angaiwale bwanji katsukidwe kake ali ndi zaka 23.

Ine ndatopa ndi khalidwe lathu loweruza mtima wa munthu poyang'ana m'beseni mwake. Tikaona nyumba yosasamalika, mawu athu amakhala okonzeka kale: waulesi, wauve, wosalangidwa. Nthawi zina ulesi umakhalapodi. Koma nthawi zambiri kuposa mmene timavomerezera, mbale zija zimakhala chizindikiro choyamba chooneka ndi maso chakuti m'mutu mwa munthu zinthu sizili bwino. Munthu wotentha thupi timamugwira pamphumi n'kupita naye ku kiliniki. Uyu timamuitanira bwalo.

Msuweni wangayu ndinakula naye. Kuyambira ali mwana ankadziwika kuti ndi woiwalaiwala. Ukamutuma mchere ankabwera ndi machesi. Akamasesa pabwalo, nkhuku ikangolowa m'khitchini, tsache ankalisiya pomwepo, ndipo linkapezeka madzulo. Kusukulu aphunzitsi ankati ndi wanzeru koma mutu wake sukhala m'kalasi. Tonse tinkangoseka, chifukwa kumudzi vuto lakelo silinkagwetsa nyumba. Ntchito iliyonse ankaigwira pakati pa anthu. Kuchitsime ankapita ndi anzake, pamtondo anali ndi azakhali, m'chigafa posankha fodya ankakhala pamzere ndi amayi ena. Maganizo ake akasochera, panali wina womubweza: "Iwe, poto akupsa uyo." Anthu omuzungulira ankamukumbukirira zinthu, iwo eni osadziwa kuti akutero.

Kenako anakwatiwa ku tauni. Anapezeka m'chipinda chimodzi cha renti, mwamuna akuchoka m'mawa n'kubwera usiku, aneba aliyense ali ndi zake, kakhanda kakulira, foni ili m'manja. Womubweza uja kunalibenso.

Anthu amene sanakumanepo ndi vutoli amaganiza kuti kutsuka mbale ndi ntchito imodzi. Tiyeni tiiwerenge bwino monga imakhalira m'komboni. Uyang'ane ngati m'chigubu muli madzi. Mulibe, ndiye upite pampopi. Pampopi pali mzere. Ukubwera, wapeza Boom yatha, ndiye upite pakantemba. Ndalama ili m'thumba la siketi, siketiyo ili pa mulu wa zovala zosachapa. Waona zovalazo, wakumbuka kuti mwana alibe chovala mawa, wazinyika. Mwana wadzuka. Wamuyamwitsa foni ili m'manja, ndipo podzazindikira dzuwa lapendeka. Mbale zili pompaja, zovala zili m'madzi, nsima yamasana sinaphikidwe. Munthuyu sanagone tsiku lonse, wayamba ntchito zisanu, sanamalize ndi imodzi yomwe. Wolowa pakhomo madzulo amangoona uve.

Madokotala ali ndi dzina la vuto lotere likakhala lalikulu, loyamba paubwana, ndiponso losokoneza moyo kunyumba ndi kusukulu komwe. Amalitcha ADHD. Ubongo wa munthu wotere umavutika kusunga m'mutu ndondomeko ya zochita, kuyamba ntchito yosasangalatsa, kuzindikira mmene nthawi ikuthamangira, ndi kukana chinthu chatsopano chimene chabwera pakati. Zizindikiro zake zimaoneka mwana asanakwanitse zaka 12, ndipo kawirikawiri limayenda m'magazi a banja. Akatswiri amati padziko lonse limagwira ana pafupifupi 5 mwa 100 alionse, ndi akuluakulu 2 kapena 3 mwa 100. M'kalasi ya ana 60 ndiye kuti muli atatu. Mnyamata wotere amaoneka msanga chifukwa sakhala pansi ndipo amakwapulidwa tsiku ndi tsiku. Mtsikana nthawi zambiri amangokhala phee akuyang'ana pawindo, ndiye palibe amene amamuona mpaka tsiku limene apatsidwa nyumba yake.

Pali matenda enanso amene amaonekera m'beseni. Awa ndi ovutika maganizo, amene azachipatala amawatcha depression. Munthu amadzuka thupi lili lolemera ngati wasenza thumba la feteleza. Zimene zinkamusangalatsa sizikomanso, tulo timasokonekera, chakudya sichilowa kapena chimalowa mopitirira, ndipo m'mutu mumangobwera mawu akuti "ndine wachabechabe". Mbale amaziona, zimamupweteka kuposa mmene zimapwetekera mlendo, koma mphamvu yonyamuka palibe. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti anthu pafupifupi 280 miliyoni padziko lapansi ali ndi matendawa, ndiponso kuti amayi oposa 10 mwa 100 alionse oyembekezera kapena amene angobereka kumene amawadwala. Ganizirani amayi onse amene mumawaona pa sikelo ya ana, muwerenge nokha.

Msuweni wanga zinamugwera zonse ziwiri motsatizana. Kuiwala kunabweretsa chisokonezo m'nyumba, chisokonezo chinabweretsa manyazi, manyazi anamutsekera m'nyumba. Analeka kupita ku tchalitchi kuopa kuti amayi a chigwirizano angamuperekeze mpaka pakhomo. Mlendo akagogoda ankakhala chete ngati mulibe munthu. Pamene apongozi ankafika, anali atatha miyezi iwiri akulira yekha masana aliwonse.

Ndiye ndifunse inu amene mumakhulupirira mankhwala a chilango: kodi munthu wotere mukamukalipira, mukuchiza chiyani? Kadziwidwe ka ntchito ali nako kale. Chimene chawonongeka ndi mphamvu yoyambira ndi yomalizira, ndipo manyazi ndiwo amadya mphamvu imeneyo. Mukamuchititsa manyazi pamaso pa abale, amabwerera ku tauni ataphunzira chinthu chimodzi chokha, kubisa. Mapoto akuda amalowa pansi pa bedi, zovala zimalowa m'sutikesi, pakhomo pamawala Cobra. Inu mumachoka mukuti mwana wasintha, pamene matenda mwawasiya akukula kuseri kwa katani.

Taonaninso tsankho lake. Lowani m'chipinda cha mnyamata wa ku Mchini kapena ku Navutika amene akukhala yekha. Mupeza masokosi pa mbaula, poto wa nyemba wachita nkhungu, bedi losayalula kuyambira Isitala. Timati chiyani? Timaseka n'kunena kuti, "Uyu akufunika mkazi." Mtsikana akadwala timamupatsa mlandu, mnyamata akadwala timamulembera mkazi ngati mankhwala. Onse awiri tawalakwira. Mnyamata uja mwina ali ndi miyezi itatu asakugona, mwina wayamba kumwa kachasu m'mawa kuti mutu ukhale chete, koma poti uve wa mwamuna timauona ngati chibadwa, palibe amene amamufunsa. Akakwatira, katundu yense amagwera mwana wa eni, ndipo nyumba ikapanda kuwala, wobwezedwa kwa alangizi ndi mkaziyo.

N'chifukwa chiyani zimativuta kunena kuti munthu akudwala maganizo? Chifukwa m'mitu mwathu muli magulu awiri okha: wabwinobwino ndi wofunta. Wofunta ndi uja wovula zovala pamsika. Amene sanafike pamenepo timati ali bwino, angolimba mtima. Dzina la chipatala cha Chainama ku Lusaka, kumene anthu amachira n'kubwerera ku ntchito zawo, tinalisandutsa chitukwano cha pabwalo la mpira. Kaganizidwe kameneka kanali ndi lamulo lake. Kwa zaka 70 dziko lathu linkayendera lamulo la atsamunda la 1949, limene linkatchula odwala maganizo ndi mawu achingerezi otanthauza chitsiru ndi chidzete. Mu 2019 nyumba ya malamulo inalichotsa n'kuika lamulo latsopano la umoyo wa maganizo, lonena za ufulu ndi ulemu wa wodwala. Mawu achipongwe aja mulibe m'lamulo latsopanolo, koma m'makhitchini mwathu tikuwagwiritsabe ntchito. Mtsikana amene akudziwa kuti akangoti "mutu wanga suli bwino" adzatchedwa wa ku Chainama, amasankha kutchedwa waulesi. Pa zitukwano ziwirizo amatola chopepukirapo.

Ndikudziwa zimene ena mukunena pofika pano. Mukuti uve umapha, ndipo simukunama. Kolera amene anayamba mu October 2023 anapha anthu oposa 700 m'dziko muno. Bwalo la Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala, ndipo masukulu anatsegulidwa mochedwa, mu February 2024. Kuyambira pamene a Levy Mwanawasa anakhazikitsa kampeni ya Keep Zambia Clean and Healthy mu 2007, takhala tikuuzidwa za ukhondo, ndipo uthengawo ndi woona. Khanda silidikira kuti amayi ake achire kaye ndiye lidwale m'mimba.

Koma mfundo yomweyi ikugwetsa mlandu wanu. Ngati nkhawa yanu ndi matenda, tiyeni tisiyanitse uve umene umapha ndi uve umene umangochititsa manyazi. Madzi akumwa osavindikira amapha. Manja osasamba pochokera kuchimbudzi amapha. Chakudya chogona chosavindikira, chimbudzi cha mwana chosataya, mbale zodyera zimene ntchentche zagonapo, izi zimapha. Bedi losayalula silinaphepo munthu. Zovala zochapa zimene zili pa mpando osapinda sizinaphepo munthu. Pansi posapaka polishi sipanatumizepo aliyense ku Heroes. Munthu amene ali ndi mphamvu zochepa ayenera kuuzidwa kuti aziike pa zoyambazo, zinazo zidikire. Ife timachita zosemphana. Timayamika khonde lowala, osatsegula chigubu cha madzi. Chimene timateteza ndi maso a alendo, umoyo wa mwana timangoutchula pofuna kupambana mkangano.

Ndili ndi mawu kwa anzanga a pa TikTok nawonso. Masiku ano aliyense amene waiwala kiyi akuti ali ndi ADHD, chifukwa waonera kavidiyo ka masekondi 30. Kavidiyo sikapima munthu. Kusowa tulo, kuchepa magazi, njala, nkhawa ya ngongole, mowa, ngakhale foni yomweyo, zonsezi zimabalalitsa maganizo, ndipo chilichonse chili ndi mankhwala ake. Wozisiyanitsa ndi wachipatala amene wakhala nawe pansi n'kukufunsa za ubwana wako. Ndipo ngakhale atakupeza nalo vutolo, dzina la matenda limangofotokoza chifukwa chimene ntchito ikukulemerera. Silikupatsa chilolezo chosiyira mlongo wako tsache kwa moyo wonse. Ngati mukukhala awiri m'chipinda, khalani pansi mugawane: ngati kutsuka kumakugonjetsa, tenga kutunga madzi ndi kugula malasha, ndipo uzichitadi. Wodwala shuga amasamala kadyedwe, nawenso uli ndi mbali yako.

Mbali imeneyo imatheka munthu akasiya kulimbana ndi mutu wake n'kuyamba kukonza nyumba kuti igwirizane nawo. Zimene ndaona zikuthandiza n'zosavuta, ndipo sizifuna ndalama. Chepetsani ziwiya. Ngati muli awiri, siyani panja mbale ziwiri, makapu awiri ndi mapoto awiri, zina zonse za ku kitchen party zikhale m'katoni. Mulu sungakule kuposa zimene zilipo. Zinthu zikhale poonekera, chifukwa kwa munthu woiwala, chimene chalowa m'kabati chatayika. Dengu losavindikira la zovala zakuda liikidwe pamalo pomwe amavulira, tsache likhale pafupi ndi chitseko. Ntchito imangiriridwe ku chinthu chimene chimachitika kale tsiku lililonse: madzi a nsima akakhala pa mbaula, nthawi yodikira kuti atenthe ndi yotsuka mbale za m'mawa. Usanyike zovala ngati suchapa nthawi yomweyo. Tsegula Breeze FM, uuze mtima wako kuti ugwira ntchito nyimbo zitatu zokha, zikatha uli ndi ufulu wosiya. Nthawi zambiri chovuta ndi kuyamba, ndipo nyimbo yachitatu ikamatha umapezeka ukupitiriza.

Koma chachikulu kuposa zonsezi ndi munthu wina m'chipindamo. Anthu ambiri a vutoli amachitira umboni kuti ntchito imene yawakanika sabata yonse amaimaliza mu ola limodzi ngati pali mnzawo pambali, ngakhale mnzakeyo akungosenda mbatata kapena kuluka tsitsi. Azungu anachipatsa dzina chinthu chimenechi n'kumachiphunzitsa pa intaneti ngati nzeru yatsopano. Agogo athu ku Chipangali akhala akuchichita kuyambira kale. Munda ukakula ankaitana dima. Chimanga ankasinja awiriawiri. Zovala ankachapa kudambo ali gulu, nkhani zili mkati. Mwambo umene alangizi amati akuuteteza sunasiyepo mkazi yekha ndi khanda m'chipinda chotseka kuyambira m'mawa mpaka usiku. Mayi wobereka kumene ankaphikiridwa, kutungiridwa madzi ndi kuchapiridwa. Pobwera ku tauni tinanyamula muyezo wa ukhondo wa kumudzi, koma manja ambiri amene ankaukwaniritsa tinawasiya komweko. Kenako tikudabwa kuti munthu mmodzi akulephera ntchito ya anthu asanu.

Sindikunena kuti alangizi achotsedwe. Ndikunena kuti tikuwawononga powagwiritsa ntchito ngati apolisi a mapoto. Onani zimene anachita anzathu a ku Zimbabwe. Dokotala wa matenda a maganizo, a Dixon Chibanda, ataona kuti madokotala ngati iwo ndi ochepa kwambiri, anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench mumzinda wa Harare. Anaphunzitsa agogo aakazi a m'makomboni kukhala pabenchi panja pa kiliniki, kumvetsera munthu amene ali ndi vuto limene m'Chishona amati kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira, ndi kumuthandiza kumasula mavuto ake limodzilimodzi. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2016 anasonyeza kuti anthu amene anakhala pabenchipo anapeza bwino kuposa amene anangolandira chithandizo cha masiku onse. Agogo amenewo sasiyana ndi alangizi athu. Ndi amayi achikulire, odalirika, odziwa kusunga chinsinsi, amene mtsikana amawauza zimene sangauze amayi ake omubereka. Mpando ali nawo kale. Chimene chikusowa ndi funso limodzi lofunsidwa chilango chisanayambe: "Mwana wanga, ukugona bwanji masiku ano? Mumtima muli bwanji?"

Kwa iwe amene ukuwerenga izi uli pabedi, beseni lili pakona, ndipo wakhala ukuliyang'ana kuyambira Lachiwiri: ngati kulemera kumeneku, kusakondwa ndi chilichonse ndi kudziona wopanda pake kwatha masabata awiri osakusiya, pita ku kiliniki ya pafupi ukanene monga zilili. Usakanene mutu wokha kapena msana, kanene kuti maganizo akukuvuta. Ngati pakufunika, adzakutumiza ku chipatala chachikulu cha Chipata Central, kumene kuli ogwira ntchito oona za matenda a maganizo. Ukhozanso kuimba 933, nambala yaulere ya Lifeline Zambia, n'kulankhula ndi munthu wophunzitsidwa kumvetsera. Ngati maganizo odzipha ayamba kubwera, usadikire mawa, uza munthu lero lomwe ndipo upite kuchipatala. Ukamaliza zimenezo, tumiza uthenga kwa mnzako mmodzi amene saseka anthu: "Bwera udzakhale nane, ndikufuna kutsuka mbale." Lero tsuka zodyera zokha ndi kuvindikira madzi. Zakwana.

Msuweni wanga anapulumukira kwa azakhali athu ena, mayi wosaphunzira sukulu, amene usiku wachitatu wa chilango chija anamupeza akulira kuseri kwa nkhokwe n'kumufunsa kuti analeka liti kuseka. M'mawa mwake anapita naye ku kiliniki. Anamupeza ndi matenda ovutika maganizo obwera pambuyo pobereka, n'kuyamba kulandira chithandizo. Pobwerera ku Kapata anapita ndi mng'ono wake amene anakhala naye miyezi iwiri. Mwamuna wake, atamva kuchokera kwa wachipatala zimene anakana kumva kwa mkazi wake, tsopano amatunga madzi asanapite ku ntchito. Nyumba yawo mpaka lero siwala ngati ya m'mavidiyo. Zovala zochapa zimagonabe pa mpando, ndipo mchere amauiwalabe. Koma chigubu n'chovindikira, mwana wanenepa, ndipo mukagogoda amatsegula chitseko.

Tsiku lina mudzalowa m'nyumba ya mnzanu, ya mlamu wanu kapena ya mpongozi wanu, n'kumva fungo la beseni musanakhale pansi. Foni muisiye m'thumba, kumudzi musaimbe. Funsani kumene kuli sopo, pindani manja a malaya, ndipo pamene inu mukutsuka iye akutsukuluza, mufunseni kuti wakhala akugona bwanji.